Mwana Wapezeka, Nanga Anathawanji?

M'chaka cha 1993 anthu a ku United States amene anali kuonera wailesi yakanema ya MTV anayamba kuona chinthu chachilendo pakati pa nyimbo zimene anazizolowera. Pagalasi pamene ankayembekeza nkhope za oimba panali kutuluka zithunzi za ana, anyamata ndi atsikana, chiri chonse ndi dzina la mwini wake ndiponso nthawi imene mwanayo anasowa. Zambiri zinali zithunzi zojambulidwa kusukulu, ana atapesa bwino tsitsi ndi kumwetulira monga momwe wojambula anawauzira. Nyimbo imene inali kumveka pansi pa zithunzizo inali "Runaway Train" ya gulu la Soul Asylum. Papita zaka zoposa 30, ndipo kanemayo amatamandidwabe kuti ndi umboni wakuti nyimbo ikhoza kupulumutsa moyo. Kutamandako sikulakwa, koma kwabisa funso limene aphunzitsi ndi achinyamata amene angotsiriza sukulu sayenera kulilambalala.

Gulu la Soul Asylum linayambira mu mzinda wa Minneapolis, m'chigawo cha Minnesota, m'chaka cha 1981, ndipo atsogoleri ake anali Dave Pirner, Dan Murphy ndi Karl Mueller. Nyimbo zao zinali za mtundu umene umatchedwa alternative rock, ndiye kuti nyimbo za magitala zimene zinakulira kumbali, kutali ndi makampani akuluakulu ojambula zimbale, zomveka makamaka m'mabwalo ang'onoang'ono ndi pa mawailesi a ophunzira a m'makoleji. Kwa zaka pafupifupi khumi anyamatawa anayendayenda naimba kwa anthu owerengeka. Zimbale zao sizinali kuyenda malonda, ndipo pofika chaka cha 1990 makutu a Pirner anayamba kumvuta chifukwa cha phokoso la zoimbira zamagetsi, kotero kuti gululo linaganiza zongoleka. Inali nthawi imeneyi pamene Pirner anatembenukira ku gitala wamba wopanda magetsi. Chaka cha 1991 chimbale cha gulu la Nirvana chinatsegula maso a makampani kuti nyimbo zakumbalizi ziri ndi ogula ochuluka, ndipo mu Okutobala 1992 kampani ya Columbia inatulutsa chimbale cha Soul Asylum chotchedwa Grave Dancers Union. M'menemo ndimo munali nyimbo imene ikukambidwa pano.

Chimene ambiri amaiwala ndi chakuti Pirner sanapeke nyimboyi poganizira ana osowa. Iye wanena kambirimbiri kuti anali kufotokoza nthenda yake ya maganizo, chisoni chija chosadziwika gwero chimene chimamgwira munthu nichimlanda tulo, chilakolako cha chakudya ndi chiyembekezo. Dzina la nyimboyo limanena za sitima yapamtunda imene yapulumuka m'manja mwa woiyendetsa, yongothamanga panjanji popanda woiimitsa. Koma m'Chingerezi liu loyamba la dzinalo limatchulidwanso ponena mwana amene wathawa kwao, ndipo matanthauzo awiriwa ndiwo anapatsa mpata munthu amene anapatsidwa ntchito yokonza kanema.

Munthuyo anali Tony Kaye, wa ku Britain, amene pa nthawiyo anali wodziwika ndi makanema otsatsa malonda, ndipo pambuyo pake anatsogolera filimu ya American History X mu 1998. Kaye anatengera nzeru yake pa chizolowezi chimene Amerika anachidziwa bwino. Kuyambira mu 1984 makampani ogulitsa mkaka, poyamba a mu mzinda wa Des Moines ku Iowa, anayamba kusindikiza zithunzi za ana osowa pa mapaketi a mkaka, kuti banja liri lonse pakudya chakudya cham'mawa lione nkhope ya mwana wa mnzao. Mwambowo unafalikira m'dziko lonselo, kenaka unazilala, madokotala a ana otchuka monga Benjamin Spock atadandaula kuti unali kuopseza ana popanda phindu lokwanira. Kaye anachotsa nkhope zija pa paketi ya mkaka naziika pa MTV, pamene achinyamata enieniwo, ndi anzao amene akanawazindikira, anali kuyang'ana usana ndi usiku. Zithunzi ndi maina anazipeza ku bungwe la National Center for Missing and Exploited Children, limene linakhazikitsidwa mu 1984 kuti lithandize kufunafuna ana.

Kanemayo amayamba ndi mau olembedwa onena kuti achinyamata oposa miliyoni imodzi ali otayika m'misewu ya Amerika. Pakati pa zithunzi za oimba pali timasewero titatu. Mwana aona mkulu wa pakhomo akumenya mkazi wake, natuluka kuthawa. Mtsikana wamng'ono ali m'manja mwa anthu amene akugulitsa thupi lake. Khanda libedwa m'kangolo kake, mai wake nathamangira galimoto imene yalitenga. Nyimbo ikafika pa mau obwerezedwa, masewero aja amaleka ndipo nkhope za ana enieni zimatuluka. Potsiriza panali nambala ya telefoni, ndi pempho lakuti aimbe amene waonapo mmodzi wa anawo, kapenanso amene ali mmodzi wa iwo. Ku United States kunakonzedwa mitundu itatu ya kanemayo, yokhala ndi ana 36 onse pamodzi, ndipo maiko ena monga Britain ndi Australia anali ndi mitundu yaoyao yoonetsa ana a kwao.

Nyimboyo inakwera kufika pa nambala 5 pa mndandanda wa Billboard Hot 100, chimbale chinagulidwa koposa mamiliyoni awiri, ndipo mu 1994 Pirner analandira mphotho ya Grammy ya nyimbo yopambana ya rock. Kaye wasimbapo kuti masiku oyamba, pamene panalibe mwana ndi mmodzi yemwe wobwerera, a kampani anafuna kuti nkhope zija zichotsedwe kuti pakhale za oimba, koma iye anakana. Posakhalitsa mtsikana wina wa ku Arkansas, amene anachoka kwao ali ndi zaka 13, anadziona pa wailesi yakanema ali kutali, naimbira mai wake telefoni, nabwerera. Ena anatsatira. Mwana akapezeka, chithunzi chake chinali kuchotsedwa ndi kuikapo cha wina.

Pamenepa palibe chifukwa chochepetsera ulemu wa anthu amene anachita ntchitoyi. Kanema wa nyimbo ndi chida cha malonda, cholinga chake ndi kugulitsa chimbale ndi kukometsa nkhope ya woimba. Kuti gulu limene linali litasauka kwa zaka khumi lilole kuti mphindi zake zinai za pa MTV zipatsidwe kwa ana a anthu osawadziwa, chinali chinthu chosayembekezeka m'ntchito imene anthu amalimbirana kuonekera. Makolo ena amene analibenso poyang'ana anamvanso mau a ana ao. Zimenezi zinachitikadi, ndipo wotsutsa ali yense ayambe wazivomereza.

Komabe mbiri ya kanemayu yafupikitsidwa kwambiri pofalitsidwa, kufikira yasanduka nambala imodzi yokha. Bungwe lofunafuna ana lija limanena kuti mwa ana 36 anapezeka 21, pamene Kaye wakhala akutchula 26. Kusiyana kwa manambalaku kukusonyeza kale kuti kuwerenga "opezeka" si kwapafupi monga momwe kumamvekera. Mwana amene anabwerera yekha ndalama zitamthera, mwana amene anagwidwa ndi apolisi pa mlandu wina, ndi mwana amene anazindikiridwa ndi woonera MTV, onsewa amalowa m'kaundula mmodzi. Ndipo pali ena amene sanabwerere konse. Atsikana awiri amene anaonetsedwa mu kanema wa ku Britain, wina wa zaka 15 wina wa zaka 18, onse osowa mu 1991, anapezeka mu Novembala 2007 atakwiriridwa kuseri kwa nyumba ina ya ku Margate imene munkakhala chigawenga Peter Tobin. Pamene nkhope zao zinali kuonetsedwa pa wailesi yakanema, iwo anali atafa kale zaka ziwiri. Ku Australia, ena mwa achinyamata oyendayenda amene anali kufunidwa anadziwika kuti anaphedwa ndi Ivan Milat, amene khoti linampeza wolakwa mu 1996. Awa sanathawe munthu ali yense, ndipo palibe nyimbo imene ikanawabweza.

Koma chovuta chachikulu chiri pa iwo amene anathawadi. Kanemayo anafunsa dziko lonse kuti mwana ali kuti, ndipo dziko linayankha. Funso lakuti mwanayo anachokeranji pakhomo linangokhudzidwa m'kasewero koyamba kaja, kenaka linasiyidwa. Dan Murphy, woimba gitala wa gululo, anasimba mu 2006 kuti pa ulendo wina woimba anakumana ndi mtsikana amene anamuuza kuti gulu lao linamuonongera moyo, pakuti ataoneka mu kanemayo anakakamizidwa kubwerera ku nyumba imene anaithawa chifukwa cha mavuto. Mtsikana ameneyu, powerengedwa, ali m'gulu la opulumutsidwa.

Boma la United States lenilenilo linali litafufuza kale nkhaniyi. Mu 1985 nyuzipepala ya Denver Post inaonetsa kuti ana ambiri otchedwa osowa sanabedwe ndi anthu achilendo, koma anali othawa kwao kapena otengedwa ndi mmodzi wa makolo amene anali kulimbirana ana ukwati utatha, ndipo nkhanizo zinapata mphotho ya Pulitzer mu 1986. Kafukufuku wa Unduna wa Zachilungamo wa dzikolo wonena za chaka cha 1999 anapeza kuti ana obedwa ndi achilendo m'njira ija imene makolo amaiopa anali pafupifupi 115, pamene othawa kwao kapena opirikitsidwa ndi a kwao anali pafupifupi 1,700,000. Mwa othawawa, mmodzi pa asanu ali onse anali atamenyedwa kapena kugwiriridwa pakhomo m'chaka chimenecho, kapena anali kuopa kuti zimenezo zimchitikira akabwerera. Kasewero ka khanda lobedwa m'kangolo ndiko kamene kamalasa mtima wa woonera koposa, koma mwa titatu tija ndiko kamene kamachitika kamodzikamodzi. Chimene chimachitika tsiku ndi tsiku ndi cha mwana uja wotuluka pakhomo akuluakulu akumenyana.

Akulu amati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo mwambiwu uli ndi nzeru yake. Achinyamata ambiri amene amachoka kwao amachoka pa mkangano wa tsiku limodzi, ndipo ambiri a iwo amabwerera sabata isanathe. Kwa otere, njira yobwerera kunyumba ndiyo yabwino koposa, pakuti msewu ulibe chifundo ndi mwana wopanda ndalama ndi pogona, monga kasewero kachiwiri kaja kanaonetsera mosabisa. Koma mwambi umene uli woona m'nyumba zinai ukhoza kukhala msampha m'nyumba yachisanu. Munthu wamkulu amene wapeza mwana wothawa ndi kumpereka kwa a kwao popanda kufunsa kanthu amaganiza kuti watsiriza ntchito yabwino, chikhalirecho nthawi zina wangobweza mbuzi m'khola limene muli fisi.

Nkhani ya mtsikana wina wa ku Michigan, amene nkhope yake inaonetsedwa mu kanemayo, iyenera kuwerengedwa mofatsa ndi mphunzitsi ali yense. Chakumapeto kwa chaka cha 1988 mtsikanayu anaonetsa kusukulu kuti anali kuopa kupita kwao akaweruka. Akuluakulu a sukuluyo sanakhale chete, anaitana apolisi, ndipo iye anaulula kuti bambo amene anamtenga kumlera ngati mwana wake anali kumchita zachisembwere. Wogwira ntchito yoona za ana anamperekeza kunyumba nafunsa makolowo. Iwo anakana, nanena kuti mwanayo anali wopulupudza chabe, ndipo mtsikanayo anatsala m'nyumba momwemo. Mu Malichi 1989, ali ndi zaka 14, anasowa. Bambo yemweyo ndiye anakauza apolisi kuti mwana waba ndalama nathawa, ndipo nkhani yake inalembedwa monga ya mwana wothawa kwao. Zaka zinai pambuyo pake anthu mamiliyoni anali kuyang'anitsitsa nkhope yake pa MTV, kuti mwina angamuone m'misewu ya mizinda yakutali. Mwanayo sanathawe ai.

Chimene chimapweteka m'nkhani imeneyi ndi chakuti chiri chonse chinachitidwa monga mwa dongosolo. Mwana analankhula, sukulu inamva, apolisi anabwera, wa boma anafika pakhomo. Chinasowa ndi munthu mmodzi wokhulupirira mau a mwana kuposa mau a mkulu wovala bwino amene anakana molimba mtima. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo wozunza mwana amene ali mwini nyumba ali pamkhate wotero: womtsutsa amaopa kuswa banja, amaopa kunamizira munthu wolemekezeka, amaopa kulowerera za m'nyumba ya eni. Liu lakuti "wothawa" likangolembedwa pa dzina la mwana, limatonthoza onse. Apolisi amachepetsa changu poganiza kuti abwera yekha, anansi amapukusa mitu ponena za ana a masiku ano, ndipo mlandu wonse umasenzedwa ndi iye amene palibe kuti adziyankhire.

Ena adzati kufunsa zonsezi kwa kanema wa mphindi zinai ndi kumsenzetsa katundu amene si wake, ndipo akunena zoona. Pirner ndi woimba, Kaye ndi wokonza makanema, ndipo analandira zithunzi kuchokera ku bungwe limene linazilandira kwa makolo ndi apolisi. Analibe njira yodziwira za m'kati mwa nyumba 36. Cholakwa sichiri pa iwo ai, koma pa momwe anthu anailandirira nkhaniyo, naisandutsa nthano yokoma yakuti mwana wosowa amangofunika kuonedwa basi. Dziko la United States linali ndi lamulo kuyambira mu 1974, lotchedwa Runaway Youth Act, lopereka ndalama kwa nyumba zosungira achinyamata othawa kwa kanthawi, kuti pakhale malo achitatu pakati pa msewu ndi nyumba yoopedwayo, pamene mwana angamvedwe asanabwezedwe. Koma nyumba yotere siioneka bwino pa wailesi yakanema monga mai akukumbatira mwana wake pabwalo la ndege, ndipo chifukwa chake anthu amakumbukira kukumbatirana kokha.

Mphunzitsi ndiye amakhala woyamba kuona mpando wopanda munthu. Asanajambulidwe kanema ali yense, asanasindikizidwe chithunzi chiri chonse, pali dzina limene laitanidwa m'kalasi m'mawa popanda wovomera. Ndipo lisanafike tsiku limenelo pamakhala masabata amene mwana amachedwa dala kuweruka, amasinza m'kalasi, amaleka kuseka ndi anzake, kapena amayamba mwano umene analibe. Zimenezi mphunzitsi wotopa, wa kalasi lodzaza, amazilemba msanga kuti ndi ulesi kapena kupulupudza, liu lomwe lija limene makolo a ku Michigan anagwiritsa ntchito. Kuitana mwana pambali ndi kumfunsa sikulira ndalama. Chovuta ndi chimene chimatsatira, mwanayo akatchula dzina la munthu wamkulu: kulemba zimene wanena, kuzifikitsa kwa oyenera, ndi kufunsanso patapita sabata ngati china chachitika, osakhutira kuti nkhaniyo "yaperekedwa".

Achinyamata amene angotsiriza sukulu ali pamalo ena. Iwo ndiwo amadziwa kumene mnzao wapita pamene akuluakulu sakudziwa, ndipo ndiwo amene kanema wa Soul Asylum anali kuwadalira kuti aimbe telefoni. Kusunga chinsinsi cha mnzako amene ali m'manja mwa munthu wamkulu womnyenga si ubwenzi, komanso kuthamangira kukauza munthu yemwe mnzakoyo akumthawa si chifundo. Pakati pa ziwirizi pali kufunafuna wamkulu wachitatu wodalirika. Ndipo tanthauzo loyamba la nyimboyo, limene kanema analiphimba, likuwakhudza iwo koposa onse. Chaka chotsatira mayeso omaliza, pamene anzako abalalika, ntchito siikuoneka ndipo pakhomo ayamba kukuyang'ana ngati mlendo wochedwa kutsazika, ndi nthawi imene chisoni chija cha Pirner chimapeza malo. Munthu wotere sasowa pakhomo, amadya nao nsima madzulo ali onse, ndipo palibe amene angaike chithunzi chake pa paketi ya mkaka.

Mu 2019 bungwe lija linakonzanso kanema wa nyimboyi pokumbukira zaka 25, oimba ake ali Jamie N Commons, Skylar Grey ndi Gallant. Luso la intaneti linalola kuti woonera ali yense aone nkhope za ana osowa a m'dera limene iye ali, chinthu chimene Kaye sakanachitha mu 1993. Njira yofunira inapita patsogolo ndithu, koma funso lofunsidwa kwa woonera linali lomwe lija lakuti kodi mwanayu mwamuona.

Mu Novembala chaka chomwecho apolisi anamanga bambo uja wa ku Michigan pa mlandu wina, wa kupha mai wina ku Norfolk, m'chigawo cha Virginia, mu 1980, umboni wa DNA utamloza. Ali m'ndende anavomera kuti anaphanso mwana amene ankamlera. Mu Febuluwale 2020 mafupa a mtsikanayo anafukulidwa pansi pa simenti, pafupi ndi nyumba imene bamboyo anali kukhala, patapita zaka pafupifupi 31 chilembedwere dzina lake m'kaundula wa ana othawa kwao.